Nthungululu kwa Munda Wokhotakhota

Chambo chatamandidwa mokwanira, nayo nyanja ndakatulo zaikwana. Lero nthungululu zipite kwa munda wa kwa Katuli, uja wopanda mbali yowongoka ngakhale imodzi. Kumtunda wazemba chulu, kumunsi watsata khwawa, pakati wapinda msana kupereka ulemu kwa mtengo wa mango wa azakhali, kenako wakasongoka ngati mchira wa mbewa.

Munda wa makona anayi ndi waulesi. Mwana wa pulayimale amangochulukitsa mulitali ndi mulifupi, basi wathana nawo. Wathuwu sulola chipongwe chotero. Ukafuna kudziwa kukula kwake, konza chingwe, zikhomo ndi phala la m'mawa. Uugawe m'zidutswa za makona atatu. Pachidutswa chilichonse yeza tsinde, yezanso kuchoka pansonga kutsika molunjika kufika patsindepo, uchulukitse, utenge theka. Tsinde la mamita 60 ndi msinkhu wa mamita 40 zikupatsa masikweya mita 1,200. Kokhota kwa khwawa kuja ukudulenso tizidutswa ting'onoting'ono mpaka thukuta litakwana. Ukaphatikiza zonse n'kupeza 2,800, dziwa kuti ekala, yomwe ndi masikweya mita pafupifupi 4,047, sinakwane. Mwini munda akuyankha modekha kuti chingwe chako n'chachifupi, iwo akhala akulima maekala awiri chibadwire.

Apa ndiye pagona ukulu wa mundawu: umamvera mwini wake. Pokambirana ndi waganyu umafota, n'kusanduka kandime kongotha dzuwa lisanafike paliwombo. Alangizi akanena kuti ekala ya chimanga imafuna matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50, umafufuma mpaka kusuzumira ku Mozambique. Ndi munda uti wowongoka ungachitire mwini wake chifundo chotere?

Ndi wosunganso mbiri. Kona iliyonse ili ndi nkhani: apa mwini mbumba adadulira mlongo wake atakwatiwa, apo mkamwini adakankha mzere umodzi chaka chilichonse mpaka malire adapindika. Popanda mundawu, bwalo la amfumu likadamera udzu, ndipo nkhalamba zodziwa pomwe padali chitsa chakale zikadasowa wozifunsa nzeru.

Ngakhale masamu amene akuzunza ana pamayeso a MANEB ayenera kuuthokoza. Aigupto akale ankayeza minda ndi zingwe mtsinje wa Nile ukasefukira n'kufafaniza malire. Heron wa ku Alexandria, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, adalemba njira yopezera kukula kwa makona atatu pongodziwa kutalika kwa mbali zake zitatu. Minda yonse ikadakhala yowongoka, akuluakuluwa akadadya chiyani?

Adani aubwerera. Lamulo la malo a makolo la 2016 likulola anthu kulembetsa minda yawo, ndipo kulembetsa kumafuna kuyeza. Masiku ano mnyamata amangozungulira munda atagwira foni ya GPS, nambala n'kutuluka yokha. Koma musaulire msanga ngwazi yathuyi. Foni imayeza pomwe mwendo waponda, ndipo mwendo umaponda pomwe mwini wake akukhulupirira kuti ndi pake. Apatseni foni imodzi asuweni awiri ogundana malire, mudzaona minda iwiri ikukula tsiku limodzi, mlandu n'kubwerera kwa amfumu, ulendo uno uli ndi manambala.