Kamphika ka padashibodi

Alamu anga a ku Area 47 atagula galimoto yochokera ku UK, sabata isanathe anandiimbira foni. "Alamu, padashibodi payaka kamphika kachikasu, pakati pake pali mthiko." Chapatali ndinamva mlongo wanga akukuwa, "Ili ndi njala imeneyo!" Alamu anakaima pamzere wa mafuta theka la tsiku mpaka kudzaza thanki. Kamphika kanali kakadali ngwee.

Si mphika ayi. Ndi chithunzi cha tayala, ndipo mthikowo ndi mfuwuliro uja tinkaphunzira kupulayimale. Eni ake amati TPMS, ndipo ntchito yake ndi kukunong'onezani kuti mpweya wachepa m'tayala. Ku America galimoto zatsopano zimayenera kukhala nako kuyambira 2007, ku Ulaya kuyambira Novembala 2014. Galimotozo zikakalamba zimabwera kuno, kamphika kali pomwepo, koma buku la malangizo litatsalira kwa mwini wake woyamba.

*

Mkulu wina wa ku Area 43 anatsala pang'ono kuchotsa ntchito mlonda wake m'mwezi wa Juni. M'mawa uliwonse akaliza galimoto, kanyali ka kamphika kaja kayaka. Akamafika ku Capital Hill, kazima. Mkuluyo anaganiza mozama, monga amachitira anthu a pa Capital Hill, napeza wolakwa.

"Madala, mukumandiphwetsera matayala usiku."

Mlonda anavula chipewa. "Bwana, ndikaba mpweya ndikagulitsa kwa yani? Nanga masana amaubweza ndani, poti ine ndimakhala ndili mtulo ku Mgona?"

Wakuba anali chisanu. Kukazizira mpweya umanyala, ndipo kutentha kukatsika ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi, tayala limataya pafupifupi psi imodzi. Likayenda n'kutentha, mpweya umafufumanso. Tayala lomwe linali kale m'malire ndi limene limachita masewerawa. Bwanayo anapopetsa matayala, kanyali kanaleka. Mlonda akudikirabe chipepeso.

*

Ku Malangalanga kuli anyamata omata matayala omwe geji yawo ndi chala chachikulu. Akadina, akamenya kachibakera, basi: "Lili bho, bwana." Mayi wina wa ku Area 10 anawerenga kapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, pomwe pamalembedwa mpweya woyenera, nauza mnyamata kuti aike 2.2. Mnyamatayo, yemwe tsiku limenelo anali ndi geji yeniyeni koma yowerenga psi, anawayang'ana mwachisoni. "Aunt, 2.2 ngakhale njinga ya kabaza singadzuke." Onse ankanena zoona. Mayi ankanena bar, ndipo 2.2 bar ndi pafupifupi 32 psi. Anakangana mpaka wogulitsa nthochi anadzaweruza, ngakhale sankadziwa chilichonse mwa ziwirizi.

Pochotsa tayala lina palimu kuti alimate, mnyamata anakanikiza chitsulo chake mpaka kunamveka kuti thyo! Anapisa dzanja, natulutsa kapulasitiki kakuda kothyoka. "Aunt, taonani zomwe ndapezamo. Anthu ndi oipa. Izi ndakuchotserani ulere."

Kameneko kanali kasensa koyeza mpweya n'kuyatsa kanyali kaja, kamene kamakhala kuseri kwa valavu, kali ndi kabatire kake kosasinthika komwe kamatha pakadutsa zaka zisanu mpaka khumi. Mayi anathokoza, namuwonjezera ya fanta.

*

Dalaivala wa bungwe lina ku City Centre anapopetsa matayala onse anayi katatu konse, kanyali osazima. Anapita nayo galimotoyo kwa abusa. Mlonda wa pageti ndiye anafunsa, "Nanga sipeya munaiona?" Galimoto zina sipeya nayo imakhala ndi sensa yake. Inali itaphwa kalekale, ikudandaula yokhayokha kumbuyoko.

*

Tibwerere kwa alamu. Kawo kankayamba ndi kuphethira kwa mphindi imodzi, kenako n'kuyaka osazimanso. Kakatero ndiye kuti vuto si mpweya, wadwala ndi mthenga yemwe. Anapita ku Biwi. Makaniko anawagulitsa sensa yochotsa m'galimoto ya ku Japan, koma galimoto inakana kuimva. Za ku Japan ndi ku America zambiri zimaulutsa uthenga pa 315 MHz, za ku Ulaya pa 433 MHz, komanso sensa yatsopano imafunika kuidziwitsa kwa kompyuta ya galimoto. Makaniko anafotokoza mwachidule kuposa ine: "Bigi, kasensaka kakuyankhula Chijapani, galimoto yanuyi imamva Chizungu chokha."

"Ndiye titani?"

"Ilipo njira ina. Dikirani panja."

Patangotha mphindi ziwiri anawaitana. Kamphika kulibe! Alamu analipira mosangalala, nandiimbira kuti ku Biwi kuli akatswiri oposa azungu. Atafika kunyumba, mwana wawo wa Sitandade 2 anakwera kutsogolo, nayamba kukanda padashibodi ndi chikhadabo. Kunamatuka katepi kakuda kodulidwa mwaluso, ndipo pansi pake kamphika kanali phee, kakuyaka.

Alamu anakayang'ana kwa kanthawi, anayang'ana mwana, kenako anati, "Bwezera pomwe wachotsapo. Ndinalipira zimenezo."