Mlandu suola, koma kwacha imaola

Amene anayamba kunena kuti mlandu suola anali munthu woweta mbuzi. Mwambiwu umayenda bwino ngongole ikakhala ya miyendo inayi. Munthu akakongola mbuzi yaikazi kwa inu chaka cha njala n'kukhala duu zaka khumi, simunkataya tulo. Mbuziyo inkaswa kwa iyeyo, ana ake n'kuswanso, ndipo tsiku lokakumana pabwalo la amfumu munkanyamuliratu zingwe zingapo. Wokongolayo akamwalira, mwini mbumba ankausenza mlanduwo. Mboni sizinkasowa, poti mudzi wonse unaimva mbuziyo ikulira pokokedwa mpaka kutsidya kwa dambo.

Lero timakongozana pa foni, usiku, tili awiriwiri. Alamu anu akuimbirani kuti apeza belo ya kaunjika yotchipa, angoperewera K150,000, abweza mwezi ukatha. Mwezi wake uti, sananene, inunso simunafunse. Kenako ziyamba nyimbo zija tonse tinaziloweza: malipiro sanalowe, ndili kumaliro, netiweki ikuvuta, ndikuimbirani pompano. Pa WhatsApp timizere tiwiri tabuluu tikuoneka bwinobwino, yankho osabwera, koma pa sitetasi alamu ali kunyanja ku Mangochi, avala magalasi akuda, akung'amba chambo ndi manja onse awiri.

Mtima ukafika pakhosi, munthu amati ndikasuma. Milandu ing'onoing'ono ya ngongole imakambidwa kukhoti la majisitireti, ndipo mutha kudziyankhulira nokha popanda loya. Mumafotokozera kalaliki nkhani yanu, samani n'kulembedwa, tsiku n'kuikidwa. Chodabwitsa choyamba n'chakuti pofuna kuitanitsa ndalama zanu muyenera kutulutsa zina: kandalama ka kukhotiko, fotokope, minibasi popita ndi pobwera. Chachiwiri n'chakuti samaniyo iyenera kumufika mwini wake. Munthu amene dziko lonse limamuona pa Facebook tsiku ndi tsiku sapezeka ku Ndirande. Mwana amatuluka n'kunena mwaulemu kuti ababa anasamuka, nsapato za ababawo zili pakhomo pomwepo, matope ake osauma.

Apa ndi pamene makolo ndi malamulo amasiyana njira. Lamulo la dziko lino lotchedwa Limitation Act limati mlandu wa ngongole umaola ndithu: zikatha zaka 6 osasuma, wokongola angotchula lamulolo, inu n'kubwerako chimanjamanja. Ku South Africa umaola msanga kuposa apa, zaka 3 zokha. Ndiye kuti wokongola wodziwa kalendala safunika kukana kanthu. Angokhala wofatsa, wopemphera, wokupatsani moni kutchalitchi Lamulungu lililonse mpaka nthawi ikwane. Chotonthoza n'chakuti akabwezako pang'ono, kapena akavomereza ngongoleyo polemba, zaka zija zimayambiranso kuwerengedwa. Choncho K2,000 imene anakutumizirani pa Airtel Money n'kuti gulani kaye mayunitsi, musaione ngati chipongwe chokha. N'chipongwe ndithu, koma uthenga wake musaufufute.

Ngakhale musume nthawi isanathe, pali chimene chayamba kale kununkha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika cha m'ma K1,700. Amene anakongoza K150,000 kumayambiriro kwa 2022 n'kuwina mlandu lero, amalandira nambala yomweyo, koma akafika nayo pagolosale imabwerako m'kajumbo kamodzi. Chiwongoladzanja mutha kuchipempha, kuvomera n'kwa khoti, ndipo sichithamanga liwiro la mtengo wa shuga. Ine ndimaona kuti akatswiri enieni a zachuma m'dziko muno si amene amayankhula pawailesi. Ndi alamu aja. Anatenga ndalama zolemera, adzabweza zopepuka, osaphwanya lamulo lililonse la Reserve Bank.

Umboni nawo uli ndi nthenda yomweyo. Risiti ya pamakina mukaisunga m'Baibulo miyezi ingapo mumaipeza yayera mbee, ngati simunagulepo kanthu chibadwire. Foni imene munali mauthenga onse inapita ndi anyamata a padepoti. Mboni yanu imodzi inakwera basi ya ku Joni, inayo yati za pabanja siilowerera. Mumaima kutsogolo kwa majisitireti, iye n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Munalemberana?"

"Iyayi, bwana. Ndi alamu anga."

Cholembera chake sichigwedezeka. Chilamu sichilembedwa ngati umboni. Manyazi aja munachita usiku uja, oopa kunena kuti tasainani apa, ndiye katundu wodula kwambiri amene munagulapo. Amayi a banki m'khonde anazizindikira kale zimenezi. Iwo ali ndi kope, ali ndi siginecha, ndipo tsiku likakwana sadikira samani: amafika gulu lonse, atamanga zitenje m'chiuno, n'kunyamuka ndi mapoto.

Abale athu a ku Joni ali ndi khoti lakelake la tingongole totere, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1984. Mu 2019 malire ake anaikidwa pa R20,000, ndipo ngati ngongole yaposa pamenepo mutha kutaya zapamwambazo kuti mlandu ulowe. Mumayamba mwalemba kalata yopatsa wokongola masiku 14. Akapanda kulipira mumakakumana, kawirikawiri madzulo anthu ataweruka kuntchito, pamaso pa komishonala amene ndi loya wongodzipereka, wosalipidwa. Chigamulo chake chilibe apilo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti loya saloledwa kuimira munthu m'menemo, monganso zilili kukhoti lotere la ku Zambia. Bodza lako umalinena wekha, ndi pakamwa pako, popanda wolivekera jekete.

Tibwerere kwathu kuno, tinene kuti mwawina. Mwatuluka mukumwetulira, pepala lili m'manja, koma pepala silivuula nsima. Alamu apempha kuti azibweza pang'onopang'ono, K10,000 pamwezi, ndipo mwezi woyamba abwezadi, n'kuuza mzere wonse kuti abweza. Wachiwiri zii. Mubwereranso kukhoti kukapempha kuti a sherifu akalande katundu, ndipo tsiku limenelo ndi pamene mumadziwa kuti munakongoza munthu wosauka kuposa wina aliyense m'tauni. TV ndi ya akazi awo, ndiye kuti ya achemwali anu omwe. Masofa ndi a landilodi. Firiji anangosungitsa a kwaya. Njinga yamoto ya kabaza ndi ya abwana ena a ku Lilongwe. Chimene chili chawochawo ndi mbaula, mphasa ndi magalasi akuda aja.

Pamenepo mwambi uja umadzuka, koma utatembenukira kwa inu. Ngongole ija abale anaiiwala kalekale. Chosaiwalika n'chakuti munatengera mlamu wanu kukhoti, munatumiza a sherifu kunyumba ya mlongo wanu, ana akuona. Mlandu umenewu ulibe zaka 6, sufuna risiti, ndipo mboni zake zimachuluka chaka ndi chaka, ngakhale amene panthawiyo anali asanabadwe. Pamaliro azakhali amakuyankhani moni akuyang'ana kumbali. Paukwati wa mdzukulu amakuikani tebulo la kufupi ndi jenereta, ndipo poponya ndalama za perekaniperekani wina amanong'ona kuti lembani, angadzatisumire.

Alamu okha ndiye alibe chakukhosi. Phwando lili mkati amakupezani kuseri kwa tenti, n'kukugwirani paphewa.

"Alamu, zija zinatha, khoti linaweruza. Ndiye pali belo ina yafika ku Limbe, ya majekete okhaokha. Ndangoperewera pang'ono."