Kasamalidwe ka Nsomba Zosadyedwa

Randburg, Johannesburg

Okondedwa Amayi ndi onse ku Simlemba,

Nsomba za m'galasi ndi nsomba zimene anthu opeza bwino kuno ku Joni amaweta pabalaza, m'thanki yoonekera mkati, kuti azingozipenya. Ndiwo amakagula kwina. Thanki ya kunyumba kumene mwana wanu amagwira ntchito imalowa malita 200, zomwe ndi zigubu khumi za pamjigo. Muli mbuna, tinsomba tabuluu ndi tachikasu timene kwawo ndi m'miyala ya nyanja ya Malawi, ndipo timatetezedwa m'paki ya ku Cape Maclear imene boma linakhazikitsa mu 1980. Malemu Stuart Grant wa ku Salima anatchuka ndi malonda otumiza nsomba zoterezi kunja. Choncho m'nyumbamo muli Amalawi a mitundu iwiri: ena makolo awo anakwera ndege ndi mapepala okwanira, wina anadzera pa Beitbridge atakhalira thumba la ufa. Wachiwiriyu ndiye amatsukira oyambawo.

Chofunika kudziwa poyamba n'chakuti ukhondo wakumudzi umapha nsomba. Poto ku Simlemba amakwechedwa ndi sopo, phulusa ndi mchenga mpaka munthu kudziona nkhope. Thanki ikalandira ulemu umenewo, m'mawa mwake nsomba zonse zimayandama chagada ndipo ntchito imathera pomwepo. Sopo salowamo, Jik salowamo, ngakhale dzanja lodzola mafuta sililoledwa. Ndowa ndi siponji za nsomba zimakhala zakezake, sizikhudza mbale kapena zovala.

Ntchito imayamba ndi kuzula mapulagi. Muli pampu komanso hita yosunga madzi pa madigiri 24 mpaka 28, poti mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira koposa mbandakucha wa kudimba. Hita ikatsala pamtunda ili chiyakire imatha kusweka. Nsomba zili ndi hita, wantchito ali ndi bulangeti limodzi.

Nsombazo sizichotsedwa, chifukwa kuzithamangitsa ndi kaukonde kumaziopseza n'kuzidwalitsa. Ndere za pagalasi zimapalidwa pang'onopang'ono, koma za pamiyala zimasiyidwako zina popeza mbuna zimadya zomwezo. Kenaka payipi imalowetsedwa m'timiyala tapansi n'kumayamwa ndowe ndi zakudya zotsala, monga amapopera petulo m'thanki ya njinga yamoto. Kusiyana kwake n'kwakuti woyamwa mosasamala amameza msuzi wosathira mchere. Madzi ochotsedwa amakhala gawo limodzi mwa magawo anayi, malita 50, kamodzi pa sabata. Otsalawo amasiyidwa momwemo ngakhale mtima utafuna kukhuthula onse.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa sefa. Mkati mwake muli siponji yakuda bii, imene mayi aliyense wolongosoka angaitayire kudzala. Koma m'litsiro limenelo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso togwira ntchito usana ndi usiku popanda malipiro. Zotuluka m'thupi la nsomba zimadzaza amoniya m'madzi, yemwe ndi poizoni. Tizilomboto timamusandutsa naitiraiti, poizoni winanso, kenaka naitireti amene savuta akakhala wochepa. Siponji ikatsukidwa pampopi, klorini amapha tizilombo tonseto, madzi amaoneka oyera mbee, ndipo patapita masiku angapo nsomba zimayamba kupumira m'mwamba. Njira yoyenera ndi kuifinya kawiri kapena katatu m'ndowa ya madzi akale aja n'kuibwezera ikadali yakuda. Ndi ntchito yokhayo ku Joni imene waulesi amaigwira bwino kuposa wakhama.

Madzi atsopano nawo ali ndi mwambo wake. A m'mipopi ya Johannesburg amachokera ku Vaal Dam ndipo amathiridwa klorini ndi kloramini. Klorini amauluka madzi akagona m'ndowa, koma kloramini amakanirira ngati mlendo wodikira nsima, choncho pamafunika kudonthezamo mankhwala a m'kabotolo ogulidwa kusitolo ya ziweto. Madziwo afanane kutentha ndi a m'thanki, ndipo athiridwe pang'onopang'ono kuti asavundule zapansi. Akadzaza, mapulagi amabwezeretsedwa, ngati magetsi alipo tsiku limenelo.

Nsomba ikaoneka itatupa kukhosi n'kumakana chakudya, sikuti yadwala ayi. Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osalawa kanthu, ndipo ikadzidzimutsidwa imatha kuwalavula. Masiku amenewo wantchito amayenda monyang'ama ngati m'chikuta, abwana akujambula zithunzi zotumizira anzawo.

Madzi akale aja satayidwa pachabe. Amathiridwa m'maluwa, chifukwa naitireti wake ndi yemwe uja amapezeka mu CAN wobereketsera fodya. Maluwa a abwana akubiriwira ndi feteleza waulere, pamene wa kumunda kwanu akudikira kuti mabelo agulidwe kaye ku Chinkhoma. Kukanakhala kufupi, zigubu ziwiri ndi theka zikanamafika ku Simlemba sabata iliyonse.

Nsomba zonse 14 zili bwino ndipo zikunenepa, kaya inu kumeneko. Ndalama ya feteleza idzabwera pa Mukuru kumapeto a mwezi, bola pasafe ngakhale imodzi. Poyankha kalatayi pasakhalenso funso lakuti zimakoma bwanji zikakazingidwa, chifukwa abwana ayamba kumva Chichewa.

Mwana wanu wa ku Joni.