Kanyali Kachikasu ka Sienta Yanga

Sienta yanga inachokera ku Japan, inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, koma mpaka lero Chitumbuka sichinailowe. Ndikangoiliza, mayi wina wa m'dashibodi amayamba kulankhula Chijapani. Ine ndimangoti "Yewo mama" n'kuponya giya. Chokhacho chimene timamvana ndi galimotoyi ndi kanyali kachikasu kamene ophunzira amati check engine.

Kanayaka nditangokhota pa Jenda kulowera ku Embangweni, nditanyamula feteleza wa apongozi. Pachitunda galimoto inkatsamwa, ikaima n'kumanjenjemera.

Madokotala sanachedwe. Mnyamata wa kabaza anati vuto ndi petulo wa m'chigubu. Sindinamutsutse, poti mafuta atasowa tonsefe tinamwetsa magalimoto athu zinthu zosadziwika mtundu. Alamu anga, amene anakhalitsa ku Joni ndipo amadziwa zonse kuyambira ndale mpaka magiya, anati, "Alamu, zulani waya wa batire muwerenge mpaka teni." Kanyali kanazimadi, ine n'kuwagulira Fanta. Mawa lake tisanafike pa boma la Mzimba kanayakanso, Fanta ali m'mimba kalekale. Wina anati mapulagi, ndinagula anayi. Wina anati fyuluta ya petulo, ndinagula. Pomaliza ndinatsatira nzeru za anzanga onyamula anthu pakati pa Mzimba ndi Jenda: ndinamata selotepi yakuda pakanyaliko, mtima n'kukhala pansi. Koma injini, posadziwa za selotepi, inapitiriza kutsamwa.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachichepere kuseri kwa msika wa pa boma. Anatulutsa kachipangizo kokwana m'dzanja, n'kukalowetsa m'kabowo ka mano 16 kamene kali pansi pa chiwongolero. Ine galimotoyi ndayenda nayo mpaka ku Hora osadziwa kuti ili ndi kabowo koteroko. Akuti ndi OBD-II, ndipo ku America magalimoto anayamba kukakamizidwa kukhala nako mu 1996. Pafoni yake panatuluka P0171.

"Ndiye tigule chiyani?" ndinafunsa, dzanja lili kale m'thumba.

"Dada, kompyuta siuza munthu chogula. Apa ikungodandaula kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa. Chifukwa chake tifufuze tokha."

Anatchula oganiziridwa atatu: sensa yoyeza mpweya itadya fumbi la m'misewu yathuyi, pampu ya petulo itatopa, kapena paipi itang'ambika. Anatsegula boneti, injini ikulira, n'kundipempha kuti ndikhale chete. Pa ntchito yonseyo, gawo langa linali lomwelo, ndipo linandivuta. Anaweramira pafupi, khutu lili tcheru, kenaka anapinda ndi chala paipi yakuda yamakwinya yochokera ku bokosi la fyuluta ya mpweya. M'kati mwa khwinya limodzi munatseguka kamng'alu kotalika ngati chikhadabo, kakuti tsiii. Mpweya unkalowera pamenepo, kuseri kwa sensa, osawerengedwa, monga amachitira katundu wozemba geti la pa Mqocha. Kompyuta imapereka petulo molingana ndi mpweya umene sensa yawerenga, ndiye wozembawo unkasokoneza masamu onse.

Mnyamatayo anamanga mng'aluwo ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kunena kuti ndikapite ku Mzuzu ndikasake paipi ina chifukwa mphirayo siikhalitsa pamoto wa injini. Anafufuta nambala ija pafoni, anamatula selotepi yanga mosandiyang'ana kumaso, ndipo kanyali sikanayakenso.

Atatchula mtengo ndinadumpha. "Achimwene, zonsezi chifukwa cha kamphira?"

"Mphira ndi yaulere, dada. Mukulipira khutu."

Mapulagi akale aja, amene analibe mlandu uliwonse, ali m'kabati pafupi ndi makapu a alendo. Mayi a kunyumba akufunsabe kumene kunapita ndalama ya malata a khitchini. Ndawauza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa komiti, ndipo lipoti lituluka posachedwapa.