Wamisala anaona nkhondo, koma woweruza akufuna umboni

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti mawu a munthu wonyozeka tisamawataye kudzala. Sindikhulupirira kuti a ku Hollywood anaumvapo mwambiwu, komabe anaudyera ndalama zaka zambirimbiri. Wamisala wawo ndi Columbo, wapolisi wofufuza milandu yakupha ku Los Angeles, yemwe ankaseweredwa ndi Peter Falk: tsitsi losapesa, chijasi chamvula chamakwinya okhaokha, chindudu pakamwa, ndi galimoto ya Peugeot 403 yoti ena akanaisandutsa kale khola la nkhuku.

Gawo la mafilimu a Columbo lotchedwa "Murder by the Book", la mu 1971, analiwongolera Steven Spielberg ali ndi zaka 24 zokha, nkhani yake analemba ndi Steven Bochco. Ken Franklin ndi Jim Ferris ndi otchuka ndi mabuku a nkhani zaupandu, koma wokhetsa thukuta pa taipilaita ndi Jim. Ken ntchito yake ndi kumwetulira pa TV ndi kumwaza ndalama. Jim atanena kuti akufuna kumalemba payekha, Ken akumbukira kuti pali inshulansi ya moyo wa Jim. Amunyengerera kupita kukanyumba kake ka m'mbali mwa nyanja cha ku San Diego, amuuza aimbire mkazi wake kuti adakali ku ofesi, n'kumuwombera ali pafoni pomwepo. Mayiyo amva kulira kwa mfuti, apolisi athamangira ku ofesi, mtembo kulibe; kenako upezeka pakapinga pa nyumba ya Ken.

Wakupha timamudziwa filimu isanapite patali, ndiye sitivutika ndi kulosera. Chotsala ndi kuonerera bwana wovala bwino akupeputsa munthu amene adzamumange, ndipo kukoma konse kuli pamenepo. Columbo amafika ngati wasochera. Amalowa m'khitchini kukakazingira mazira mkazi wa Jim, amayamikira nyumba za eni, amatsanzika mwaulemu. Akafika pakhomo amatembenuka, ati waiwala kafunso kamodzi. Bwana, mutamva kuti mnzanu zamuonekera, bwanji munabwera pagalimoto osakwera ndege? Nanga mtembo mwaupeza pakapinga panu, mtima wotsegula makalata munautenga kuti? Jack Cassidy, amene akusewera Ken, amayankha ndi kumwetulira kwa munthu wolankhula ndi kamwana, osadziwa kuti yankho lililonse likumanga mfundo ina pachingwe.

Pakati pake nkhani imatsimphina. Lily La Sanka, mayi wa golosale, anamuona Jim ali ndi Ken tsiku lija. M'malo mopita kupolisi akufuna ndalama zomutseka pakamwa, komanso mtima wamugunda, mpaka kudya naye chakudya chamadzulo awiriwiri munthu amene akumudziwa kuti ndi wakupha. Mawa lake amupeza m'nyanja. Akanakhala wa masiku ano akanayamba waponya nkhaniyo pagulu la WhatsApp, ndipo pofika madzulo amisala oona nkhondoyo akanakhala mudzi wonse, ena ndi zithunzi zomwe. Ndiye vuto lathu lero: oona nkhondo achuluka, wowamvera ndiye wasowa.

Chomwe mwambi uja sunanene n'chakuti kuona nkhondo ndi kwina, kukaitsimikiza kukhoti ndi kwinanso. Atatha kutizunguza mitu bwino chonchi, Columbo akutulutsa chiyani? Kapepala kolembedwa ndi dzanja la malemu Jim, pomwe anasungapo ganizo la nkhani ya munthu woimba foni n'kunama za kumene ali. Basi. Loya ngakhale wa dzulodzuloli akanangofunsa kuti, kodi wolemba mabuku aupandu kusunga ganizo laupandu ndi mlandu? Ken akanatseka pakamwa, akanakagona kwawo.

Koma pakamwa ndi pamene sangatseke. Kuwopa ndende kwamuchepera, chamuwawa ndi kumva kuti nzeru ija inali ya Jim. Ndiye akuwongolera wapolisiyo kuti iyayi, ganizolo linali lake, ndiponso ndi lokhalo labwino limene anakhalapo nalo chiyambire.