Lisiti Lili Kuti, Adzukulu?

Khalani pansi nonse, ndipo mafoniwo muwagoneke chafufumimba pamphasapo. Lero bwalo ndi langa. Woweruza ndine, mboni ndine ndemwe, ndipo za apilo muiwale.

Mlandu wanu ndi uwu: ndinu olusa pa Facebook koma ofatsa m'sitolo. Magetsi akathima mumalemba ndime zisanu. Flames ikagonja mumachotsa ntchito kochi usiku womwewo, muli chogona pamkeka. Koma wogulitsa akakupatsani katundu wakufa n'kukuuzani kuti zanu zimenezo, mumabwerera kunyumba mutazyolika, n'kudzandiuza ine kuti "basi agogo, ndangozisiya m'manja mwa Mulungu." Mulungu ali ndi zambiri zoti aone, adzukulu. Za chaja chanu anazisiya m'manja mwanu.

Mmodzi wa inu, dzina ndisunga poti akufuna banja, adapita m'tauni ndi ndalama yomwe adasunga kuyambira nthawi yokolola. Adabwera ndi foni yonyezimira, akumwetulira mpaka mano a m'mbali kuonekera. Dzuwa lisanalowe foniyo inali itatentha moti kuigwira kunali kovuta, ndipo kutacha idangoti zii. Ndidamufunsa kuti lisiti lili kuti. Akuti wogulitsayo adamuuza kuti ndi lisiti mtengo ukwera, popanda lisiti amuchotserako pang'ono. Ndiye mwana wophunzira, wa satifiketi ya Fomu 4 yopachika pakhoma, adagulitsa umboni wake pa ndalama yosakwana ngakhale ya minibasi. Atabwerera kusitoloko, mwini wake adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti nkhope imeneyi sanaionepo.

Ife m'masiku athu tinkagula mokayikira. Wailesi ya Nzeru sinkachoka pakauntala tisanaikemo mabatire n'kumva MBC ikulankhula. Nsalu tinkaitambasula yonse, kuiyang'anitsa padzuwa, wogulitsa akung'ung'udza. Njinga tinkaipalasa kaye kuzungulira sitolo. Musaganize kuti tinali anzeru kuposa inu, ngakhale tinali. Chifukwa chenicheni n'chakuti tinalibe kokadandaula. Nthawi ya Kamuzu munthu unkayamba wacheuka usanadandaule chilichonse, ngakhale mtengo wa shuga.

Inu mwabadwa zonse zili zoyala. Chipani chimodzi chitatha, kudabwera bungwe loimira anthu ogula la CAMA, ndipo a John Kapito akhala akukuwa pawailesi m'malo mwanu kuyambira ena a inu musanamere mano. Mu 1998 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe lidabala bungwe la CFTC. Mu 2003 kudabweranso lamulo loteteza ogula. Mu 2024 lamulo la 1998 lija adalilemba mwatsopano, ndipo tsopano CFTC ili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa chowawa komanso kulamula wamalonda kuti akubwezereni ndalama zanu. Pa 15 Malichi chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira ufulu wa anthu ogula. Tsiku la Valentine mumalidziwa mwezi wathunthu lisanafike, koma ili ndaona nkhope zanu kuti mukulimva lero.

Tsono tibwere pa chikwangwani chija mumachiopa, cholembedwa pamwamba pa kauntala kapena m'munsi mwa lisiti, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Mukachiona mumanjenjemera, kuyesa chidatsika ndi Mose kuphiri. Adachilemba ndi mwini sitolo, mwina mphwake, ndi chekeni ndi inki ya K500. Lamulo la dziko lino sililola wamalonda kudzichotsa pa udindo wa katundu wowonongeka, ndipo a CFTC akhala akuchenjeza eni masitolo kuti zikwangwani zotere n'zosaloledwa. Ketulo ikakana kuwiritsa madzi tsiku loyamba, wogulitsa ayenera kuikonza, kukupatsani ina, kapena kubweza ndalama. Sakukuchitirani chifundo ayi. Ndi ngongole yake.

Koma musatuluke pano n'kumakasokosa m'masitolo monse kuti agogo atituma. Lamulo limateteza munthu amene wagulitsidwa chinthu chowonongeka, chachinyengo, kapena chosiyana ndi chomwe adauzidwa. Siliteteza mtsikana amene wagula diresi Lachisanu, wavina nalo pa chinkhoswe Loweruka, ndiye Lolemba akulibweza likununkha perefyumu kuti mtundu wake sunamusangalatse. Ndakuonani, musayang'ane kumbali. Siliteteza mnyamata amene foni yagwera m'chidebe cha madzi iye n'kumalumbira kuti idangozima yokha. Wamalonda nayenso ali ndi ana odyetsa. Ndipo pa kaunjika, poti mwaona nokha kuti kolala ndi yothetheka n'kunenerera mtengo mpaka wogulitsa kutsala pang'ono kulira, musabwere kwa ine ndi nkhani ya ufulu.

Mlandu wachiwiri ndi wokulirapo, ndipo apa nthabwala ndichepetsa. Mumasaina zinthu osawerenga. Ine amene sukulu ndidalekezera panjira, pepala lililonse lofuna chala changa ndinkapita nalo kwa aphunzitsi kuti andiwerengere mzere ndi mzere, kenaka n'kugona nalo usiku umodzi. Inu odziwa Chingerezi mumangodina pomwe alemba kuti mwavomera, chala chili patsogolo, mutu uli m'mbuyo. Ngongole za pafoni mumatenga muli pamzere wa chipisi. Simufunsa kuti chiwongoladzanja ndi zingati, simufunsa kuti mukachedwa ndi tsiku limodzi chilango chake n'chotani. Foni yolipira pang'onopang'ono mumaitenga mokondwa, osawerengera kuti ndalama zonse pamodzi zikwana zingati, ndiye tsiku lomwe aitseka chifukwa mwaphonya kulipira mumati akuberani. Zinalembedwa, mwana wanga, pa tsamba lomwe udalidumpha lija. Kwa wakatapila mumasiya chikole cha firiji ya amayi anu popanda ngakhale kapepala konena kuti mwatenga zingati ndipo mubweza zingati. Nyumba ya lendi mumalowa pa mawu apakamwa, kulipira miyezi itatu, osalemba kuti khoma linali long'ambika kale. Potuluka eninyumba akadya dipoziti mumayamba kufuna mboni, pomwe mboni yake ndi galu wa pakhomopo.

Pangano likakhala lokondera mbali imodzi mopitirira muyeso, lamulo la 2024 lija lili ndi mawu pa zimenezo, ndipo nkhani za mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama zili ndi kwake kokadandaula ku Reserve Bank. Koma kulikonse mungapite, funso loyamba lidzakhala lomwe ndafunsa ine: pepala lili kuti? Kope ya pangano muzitenga. Amene akukana kukupatsani kope ya zomwe mwasaina wakuuzani kale khalidwe lake.

Za malonda a pa WhatsApp ndingodutsamo, chifukwa zimandikweza BP. Munthu simunamuonepo, dzina lake ndi maluwa awiri ndi kamtima, wakuonetsani chithunzi cha nsapato, inu ndalama tumizeni. Mawa nambala siikupezeka. Mbuzi ya m'thumba sitinkagula ife. Ngati mwaumirira, sungani uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita ndi zonse mudalemberana, musafufute pofuna malo a mavidiyo a magule.

Ndipo maso mudapatsidwa aulere. Botolo la mafuta ophikira, paketi ya mkaka, chitini cha nsomba, zonsezi zili ndi tsiku lothera ntchito. Yang'anani. Yang'ananinso chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo lomwe lilipo kuyambira 1972, lomwenso limayesa masikelo ndi mapampu a mafuta. Wogula soya akabwera ndi sikelo yomwe muvi wake wayamba kale kuyenda thumba lisanakwere, muli ndi pakamwa.

Chigamulo changa nachi. Aliyense apeze chitini, kaya cha bisiketi kaya cha mkaka, aziponyamo lisiti lililonse la katundu wa ndalama yooneka, pamodzi ndi kapepala ka waranti. Poti inki ya malisiti a makinawa imafufutika msanga, lijambuleni ndi foni tsiku lomwelo. Kamerayo ionepo china osati milomo yanu yokha. Chinthu chikafa, bwererani nacho msanga ndi bokosi lake, mupereke moni mwaulemu, mufunse mwini sitolo kapena manijala, munene chomwe chavuta ndi chomwe mukufuna. Osatukwana, osaopseza. Akakana, lembani tsiku ndi zomwe ayankha, mukatule nkhaniyo ku CFTC kapena ku CAMA.

Iwe wa foni yotentha uja, mawa m'mawa uvale malaya oyera. Lisiti ulibe, koma ndalama udalipira pafoni ya mlongo wako ndipo uthenga wake ulipo. Tikwera minibasi yoyamba, ndipo thiransipoti ulipira ndiwe.