Chipinda cha Alendo

Ine, munthu wosaphunzira, ndazizwa ndi nzeru yathu ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje, amene tikagulitsa fodya ku Kanengo timagula bedi, matiresi, makatani ndi nsalu zoluka, n'kukometsera chipinda pamodzi ndi kanjira kolowera m'menemo kufikira chitawala monga kachisi wa Solomo. Pamenepo timakhoma loko, kiyi n'kumangidwa pansonga ya chitenje cha mayi, eni akefe n'kukayala mphasa pabalaza, pakuti akulu anati mlendo ndi mame. Mameyo akagwa, timawaonetsa chipindacho ali chiimire pakhomo, iwo n'kuyamika ndithu, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe dzuwa lisanapendeke. Nawonso kwawo ali nacho chawo chokhoma, chikudikira ife.